Ana amene peresenti sinkawawerenga

Ndinaphunzitsa masamu kwa zaka zingapo pa sukulu ina yaing'ono ya sekondale yoyendera, imodzi mwa zija timazitchula kuti CDSS, kumudzi kwina m'boma la Dowa. Kuwonjezera pa kuphunzitsa, a hedi anandipatsa udindo wosunga kaundula wa mayeso chifukwa, monga ananenera iwo eni, munthu wa masamu sangaope manambala. Dzina la sukuluyo sinditchula, popeza zina mwa zimene ndifotokoze pano ndi zolakwa zimene ine mwini ndinatengamo mbali, ndipo sindikufuna kuti mlandu wake ugwere anzanga amene adakali pomwepo. Ndikulembera makamaka aphunzitsi amene angopatsidwa kumene udindo ngati umenewu, komanso makolo ndi a komiti ya sukulu amene chaka ndi chaka amauzidwa nambala imodzi yokha, peresenti ya ana okhoza mayeso a fomu 4, n'kubwerera kunyumba okondwa kapena okwiya asakudziwa chimene nambalayo yasiya kunja.

Maso anga anatseguka pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi umene tinachitira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, patangopita masabata awiri zotsatira za MSCE, mayeso a fomu 4 aja, zitatuluka. Chaka chimenecho peresenti yathu inatsika kwambiri poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, ndipo ine ndi amene ndinaimirira kuti ndiwerenge pepala. Nditamaliza, a gulupu anadzuka n'kufunsa modekha kuti, "Aphunzitsi, chaka chatha munatiitana kuti tidzasangalale chifukwa sukulu yakhoza, lero mukuti yagwa. Kodi aphunzitsi a chaka chatha aja anasamuka?" Panalibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anasamuka, ndipo ndinangoyankha za ulesi wa ana, yankho limene ine ndemwe sindinakhutire nalo. Kenako agogo ena, amene anakhala pa mphasa kutsogolo, anakweza dzanja. "Mdzukulu wanga anayamba fomu 1 limodzi ndi anzake mwawawerengawo, koma analekera fomu 2. Pa pepala lanulo ali mbali ya okhoza kapena ya olephera?" Anthu ena anaseka. Ndinayankha kuti, "Agogo, iyeyo pa pepalali palibe." Iwo anangoti, "Oho, ndiye kuti sawerengedwa," n'kukonza chitenje chawo osawonjezera mawu ena.

Kuti nkhaniyi imveke, ndifotokoze kaye mtundu wa sukulu imeneyi. Akuluakulu a m'deralo ankaitchulabe kuti MCDE, chifukwa isanakhale CDSS inali malo ophunziriramo a Malawi College of Distance Education, kumene ana osasankhidwa kupita ku sekondale ankawerenga timabuku totchedwa maseti mothandizidwa ndi aphunzitsi a ku pulayimale. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana analowa sukulu mwaunyinji, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zinali zoonekeratu kuti sekondale zimene zinalipo sizidzawakwana akadzamaliza Sitandade 8. Mu 1998 boma linalamula kuti malo oterewa asandutsidwe ma CDSS. Dzina linasintha msanga, koma zipangizo zinatsalira m'mbuyo. Ife tinali ndi mabuloko awiri a makalasi, tinalibe labotale, ndipo chimene tinkachitcha laibulale chinali kabati imodzi mu ofesi ya a hedi. Ine ndemwe ndinayamba ntchito monga mphunzitsi wa ku pulayimale ndisanapite ku Domasi College of Education kukatenga dipuloma, ndipo ena mwa anzanga anali asanapeze mwayi umenewo.

Ana amene tinkalandira m'mawa anali osankhidwa ndi boma, koma osankhidwa pomalizira. Zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka, okhoza kwambiri amapita ku sukulu zogonera zotenga ana a dziko lonse, otsatira amapita ku zogonera ndi zoyendera za m'boma lawo, ndipo CDSS imalandira otsalawo kuchokera ku sukulu za pulayimale zoyandikana nayo. Mwa otsalawo, amene makolo awo ali ndi kangachepe amasamutsidwira ku sukulu za pulayiveti teremu yoyamba isanathe. Choncho munthu amene amaika zotsatira zathu pafupi ndi za sukulu yogonera n'kutiweruza akufanana ndi woyerekeza nkhokwe ziwiri asanafunse kuti mbewu, nthaka ndi feteleza zinali zotani m'minda imene munachokera chimangacho.

Ana a m'mawa akaweruka, cha m'ma 2 koloko masana, m'makalasi momwemo munkalowa gulu lina limene tinkalitcha a open, ngakhale achikulire ankangoti a naiti. Amenewa sasankhidwa ndi boma. Munthu amangobwera ndi umboni wakuti anakhoza Sitandade 8 pamodzi ndi fizi yake, ndipo zaka zake sizifunsidwa. Sukulu zoterezi zimayang'aniridwa ndi MCDE, koma ophunzitsa tinali ife tomwe, titaima kale pa bolodi kuyambira m'mawa, ndipo tinkalandira kangachepe kochokera pa fizi yomweyo. Nthawi yawo inali yochepa, chifukwa popanda magetsi dzuwa likapendeka zolemba pa bolodi sizionekanso, ndipo atsikana ankayenera kufika kwawo kusanade.

M'kalasi imodzi ya open munkapezeka anthu amene sakanakumana kwina kulikonse. Pa desiki yakutsogolo pankakhala kamtsikana kongochoka kumene ku pulayimale kamene dzina lake silinatuluke pa chisankho, ndipo pambali pake pankakhala mayi wa ana awiri amene mng'ono wake ankamubweretsera khanda pa nthawi yopuma kuti aliyamwitse kuseri kwa buloko. Kumbuyo kunkakhala mnyamata wa kabaza, amene ankafika ali thukuta lokhalokha n'kutsamiritsa njinga yake pawindo kuti aziiona, ndipo tsiku la msika sitinkamuyembekezera n'komwe. Munalinso ana a matenanti a m'maesiteti a fodya, amene ankatha kusowa pakati pa chaka makolo awo akasamuka. Bambo wina wogwira ntchito pa chipatala chaching'ono amene ankafuna satifiketi kuti akwezedwe. Ndi achinyamata amene analemba kale MSCE ku sukulu zina ndipo anabwera kudzachepetsa mapointi. Anthu onsewa, pamodzi ndi a m'mawa aja, ndi amene makolo ankamva za iwo mwa peresenti basi.

Usiku wa tsiku la msonkhanowo ndinayatsa nyali n'kutenga mapepala a zotsatira a zaka zingapo zam'mbuyo. Funso la a gulupu linali losavuta kuliyankha ndi masamu a fomu 1, ndipo ndinachita manyazi kuti sindinaliganizire ndili chiimire pamaso pawo. Tiyerekeze kuti kalasi yolemba mayeso ili ndi ana 20. Mwana mmodzi yekha pamenepo ndi 5 pa 100 alionse, kotero ana atatu akagwa, wina chifukwa cha malungo sabata ya mayeso, wina chifukwa cha maliro pakhomo, wina chifukwa chosokonezeka pa pepala limodzi, peresenti ya sukulu imatsika ndi 15. Ana atatu omwewo pa sukulu ya olemba 200 amangotsitsa ndi 1.5, ndipo palibe amene angaitanitse msonkhano chifukwa cha zimenezo. Pa sukulu yaing'ono peresenti imadumphadumpha ngakhale kaphunzitsidwe kasanasinthe m'pang'ono pomwe, ndipo kuti muone ngati sukulu ikukwera kapena ikutsika muyenera kuphatikiza zaka zitatu kapena zinayi pamodzi, ndi kuwerenga anthu eni ake, osati magawo a 100.

Funso la agogo aja ndi limene linandisowetsa tulo. Peresenti imene timalengeza imatengedwa pa ana amene anakhala m'chipinda cha mayeso basi, ndipo aliyense amene anagwa panjira saoneka. Tiyerekezenso sukulu ziwiri zimene iliyonse inalandira ana 50 mu fomu 1. Pa yoyamba anafika pa mayeso ndi 20 okha ndipo 12 anakhoza, choncho imalengeza 60 pa 100. Pa yachiwiri anafika 40 ndipo anakhoza 18, choncho imalengeza 45 pa 100 n'kudzudzulidwa. Koma tikabwerera kwa ana 50 oyamba aja, sukulu yoyamba yapereka satifiketi kwa 24 pa 100, pamene yachiwiri yapereka kwa 36 pa 100. Yotamandidwayo ndi imene yataya ana ambiri.

Apa m'pamene pali cholakwa changa. Nthawi yolembetsa mayeso ikayandikira, tinali ndi chizolowezi choyang'ana zotsatira za kumapeto kwa fomu 3 n'kuitana ana ofooka mmodzimmodzi mu ofesi. Ena tinkawalangiza kuti abwereze, ena kuti asamukire ku open kapena alembetse monga ochokera kunja kwa sukulu, kuti akagwa asaipitse peresenti ya ana a m'mawa. Tinkalitcha limeneli uphungu, ndipo kwa ana owerengeka unalidi uphungu wabwino, koma mumtima tinkadziwa kuti tikuteteza dzina la sukulu. Ndimakumbukira mnyamata wina wodekha, amene ankayenda ulendo wautali tsiku lililonse osajomba, amene ndinamuuza ndekha kuti, "Mwana wanga, ubwereze fomu 3 kuti udzakhoze bwino." Anayankha kuti, "Chabwino, sala," n'kutuluka. Sanabwerenso. Patapita miyezi ndinakumana ndi mayi ake ku chigayo, ndipo anandiuza mopanda mkwiyo kuti amalume ake amene ankamulipirira anali atawerengera zaka zinayi, osati zisanu, ndipo mwanayo anapita kukagwira ntchito ku esiteti ina ku Kasungu. Ndikanafunsa funso limodzi lokha, lakuti amamulipirira ndani ndipo mpaka liti, sindikanalankhula mawu amene ndinalankhulawo.

Kuyambira pamenepo ndinagula buku lalikulu lachikuto cholimba n'kuyamba kaundula wa mtundu wina. Mwana aliyense, wa m'mawa kapena wa open, ndinamupatsa mzere wake kuyambira tsiku limene analowa, ndipo mzerewo sunkafufutidwa ngakhale atasiya sukulu. Ndinkalemba chaka chimene anabadwa, sukulu ya pulayimale imene anachokera, mudzi wake, amene amakhala naye, amene amamulipirira, ngati ali ndi mwana, ndiponso ngati amagona kwawo kapena amachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, zija ana amati selufu. Mtunda sindinkaulemba m'makilomita, chifukwa palibe mwana amene amaudziwa; ndinkafunsa kuti amanyamuka nthawi yanji ndipo amawoloka mtsinje kapena ayi. Teremu iliyonse ndinkawonjezera magiredi ake ndi masiku amene anajomba. Danga lomaliza, limene linali lovuta kuposa onse, linali la chifukwa chosiyira sukulu, ndipo ndinadziletsa kulembamo mawu akuti "wasiya" okha, chifukwa mawu amenewo sauza munthu kanthu. Zifukwa zenizeni ndinkazipeza kwa amayi a gulu la mother group, gulu la amayi a m'midzi lothandiza kuti atsikana asasiye sukulu, amene amadziwa za pakhomo lililonse kuposa mphunzitsi aliyense. Bukuli linkakhala lokhomeredwa m'kabati, ndipo za matenda a mwana kapena a makolo ake sindinkalembamo, chifukwa buku la pa sukulu limagwidwa ndi manja ambiri kuposa mmene mwini wake amaganizira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka choyamba bukulo silinandiuze zambiri, koma pofika chaka chachitatu zinthu zinayamba kuoneka zokha.

Choyamba chinali Chingerezi, ndipo monga mphunzitsi wa masamu ndinkaganiza kuti phunziro langa ndi limene limagwetsa ana. Malamulo a MANEB, bungwe loyendetsa mayeso a boma, ndi akuti magiredi a MSCE amayambira pa 1 kufika pa 9: 1 ndi 2 ndi apamwamba kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pamene 9 ndi kugwa. Kuti munthu apeze satifiketi ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo pa kirediti, kapena maphunziro asanu kuphatikizapo Chingerezi, atatu mwa iwo pa kirediti. Nditayala magiredi a ana athu olephera ndinapeza kuti ambiri anali atakhoza Chichewa, Agriculture, Bible Knowledge ngakhale Biology, koma pa Chingerezi panali 9, ndipo 9 mmodziyo anafafaniza zonse. Ngakhale m'masamu anga, ndinazindikira kuti ana ankatha kuchita sitepe iliyonse ndikawamasulira funso, koma ankagwa pa mafunso a mawu ambiri chifukwa chosamva chimene afunsidwa. Tinayesapo kale lamulo lolanga mwana wolankhula Chichewa pa sukulu, ndipo chimene tinakolola chinali kalasi ya anthu osalankhula. Chimene chinathandiza chinali chosaoneka bwino m'maso: mphindi 20 zowerenga mokweza tsiku lililonse, pogwiritsa ntchito nyuzipepala zakale zimene tinkapempha kwa anzathu a ku boma, ndi chimangirizo chimodzi sabata iliyonse chimene aphunzitsi tonse, osati wa Chingerezi yekha, tinkagawana kuchonga.

Ndinadabwanso kupeza kuti ophunzira ambiri a open sankawadziwa malamulo amenewa. Ena ankalembetsa maphunziro ochepa pofuna kupulumutsa ndalama, osasiya lina lapadera loti liwapulumutse limodzi likavuta, ndipo ena ankalota za yunivesite asakudziwa kuti kumeneko amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Kuwafotokozera zimenezi kumatenga theka la ola, ndipo kuyenera kuchitika akangoyamba fomu 3, osati sabata yolembetsa.

Chachiwiri chinali teremu yachiwiri, ya Januwale mpaka Malichi. Zizindikiro za kujomba zinkaunjikana m'miyezi imeneyi ngati nyerere pa chigaga. Ndi nthawi imene mtsinje umadzaza, nkhokwe zimakhala zopanda kanthu, ana amapita ku ganyu yopalira ndi kubandira kuti pakhomo padyedwe, ndipo kwathu kuno kuthyola ndi kusoka fodya kumafuna manja a banja lonse. Ana a tsidya lina la mtsinje ankatha kusowa sabata yathunthu. Koma dongosolo lathu la ntchito linkaika mitu yovuta kwambiri m'teremu yomweyi, chifukwa tinkangotsatira mmene mitu yandandalikidwira m'buku. Ndinasintha: mitu imene ina yonse imatsamirapo ndinaikokera m'teremu yoyamba, pamene mimba zili zokhuta ndi njira zili zouma, ndipo m'miyezi ya mvula ndinkaphunzitsa zimene mwana angathe kuzitolera yekha atajomba. Makolo nawo anavomera kusonkha chimanga pang'ono nthawi yokolola kuti a fomu 4 azimwa phala mu Febuluwale, ngakhale kuti zaka zina chinkatha mwezi usanathe.

Za atsikana ndi zimene zinandisintha maganizo kwambiri. Mu fomu 1 atsikana ndi anyamata ankakhala pafupifupi ofanana, popeza boma limayesetsa kuwasankha mofanana, koma pofika fomu 3 mbali ya atsikana inkakhala ndi madesiki opanda anthu. Tonsefe tinkati vuto ndi mimba, n'kumaliza nkhani pomwepo ngati kuti mimba ndi mvula imene imangogwa. Bukulo linandionetsa kuti pa mizere yambiri mimba inkabwera pomalizira, osati poyambirira. Poyamba pankaoneka kuchedwa kwa ndalama za sukulu, kenako masabata a kujomba, kenako magiredi kutsika, ndipo mimba kapena ukwati zinkadza mtsikanayo atatsala pang'ono kale kuchoka. Ena anali aja a selufu, ogona m'tinyumba topanda wamkulu wowayang'anira pafupi ndi malo a malonda, ufa ukawathera pakati pa mwezi. Kuyambira pamenepo mtsikana akajomba masiku atatu otsatizana popanda uthenga, sitinkadikira. Amayi a mother group ankapita kwawo sabata yomweyo.

Lamulo lolola mtsikana kubwerera ku sukulu atabereka lilipo kuyambira mu 1993, ndipo linakonzedwanso mu 2018, pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Komabe makolo ambiri sankadziwa kuti malo a mwana wawo amamudikira, ndipo atsikana obwerera ambiri ankasankha open m'malo mwa m'mawa, pothawa kunyozedwa ndi anzawo akale komanso pofuna kuti m'mawa asamale mwana. N'chifukwa chake ku open kwathu akazi sankachepa monga mmene ankachepera m'mawa. Amayi obwererawa teremu yoyamba ankakhala pansi penipeni pa mndandanda, chifukwa zambiri anali ataiwala, koma ndi amene sankajomba chisawawa ndiponso ankabweretsa ntchito yochitira kunyumba itachitidwa. Wowaweruza ndi mayeso a teremu yoyamba amataya anthu amene akanadzamukhozera.

Za a open ndiwonjezere chimodzi chokha. Zotsatira zawo siziyenera kuphatikizidwa m'thumba limodzi, chifukwa muli magulu awiri osiyana kotheratu. Obwereza amene anaphunzira kale zaka zinayi kwina amatha kukweza peresenti mpaka sukulu kuoneka ngati yachita zodabwitsa, pamene amene anayambira fomu 1 ku open komweko, ndi maola awo ochepa aja, ndi amene amasonyeza ntchito yeniyeni ya sukuluyo. Chaka china tinatamandidwa chifukwa cha zotsatira za open, koma nditawalekanitsa ndinaona kuti pafupifupi onse okhozawo anali obwereza.

Mayeso a JCE, a kumapeto kwa fomu 2, anachotsedwa atalembedwa komaliza mu 2016 ndipo anabwereranso mu 2021. Pa zaka za pakatizo mwana ankayenda kuchokera fomu 1 mpaka fomu 4 popanda muyeso wochokera kunja kwa sukulu, ndipo wolekera panjira ankatuluka wopanda pepala lililonse la ku sekondale. Kwa sukulu ngati yathu, imene ambiri safika kumapeto, ine ndimaona kuti kubwerera kwa mayesowa kunali kwabwino, ngakhale kuti ndalama zolembetsera zinali mtolo wina pa makolo.

Phindu la bukulo linaoneka kwambiri mu 2020. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo a fomu 4 anabwerera mu Seputembala. Mayeso a MSCE atayamba anaimitsidwa mu Novembala chifukwa mapepala anabedwa, ndipo analembedwanso mu Januwale 2021, pakati pa mvula ndi njala. Dziko lonse anakhoza anali pafupifupi 41 pa 100 alionse. Kwathu vuto loyamba silinali kukhoza koma kupeza ana, chifukwa ena anali atakwatiwa, ena atapita ku maganyu akutali, ena atangotaya mtima. Popeza tinkadziwa mudzi wa aliyense ndi amene amakhala naye, tinagawana midzi, aphunzitsi pa njinga ndi amayi a mother group wapansi, ndipo tinabweza angapo amene tikanangowalemba kuti sanabwere. Ena mwa obwezedwawo anagwa mayeso n'kutsitsa peresenti yathu, ndipo ndinali nditafika poti zimenezo sizinkandipweteka monga kale.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti sukuluyo inasanduka yotchuka. Titasiya kukankhira ana ofooka kunja, peresenti inatsika kaye, ndipo a hedi anafunsidwa mafunso ovuta ndi akuluakulu oyendera sukulu. Anapita ndi bukulo n'kuonetsa kuti chiwerengero cha ana otuluka ndi satifiketi sichinatsike, kungoti olemba anachuluka. Ena anamvetsa, ena anati iwo amafuna peresenti basi. Labotale sinabwere, ndipo ana athu anapitiriza kuona zipangizo zina za sayansi kwa nthawi yoyamba pa tsiku la mayeso kapena pa ulendo umodzi wopita ku sukulu yoyandikana nayo. Kaundula sachiza zimenezo.

Chimene chinasinthiratu ndi kalankhulidwe kathu pa msonkhano wa makolo. Ndinasiya kuyamba ndi peresenti. Ndinkanena kuti zaka zinayi zapitazo tinalandira ana angati, anyamata angati ndi atsikana angati. Mwa amenewo afika pa mayeso ndi angati. Apeza satifiketi ndi angati. Ndipo otsalawo ali kuti, mosatchula maina. A m'mawa ndinkawanena paokha, a open oyambira pomwepo paokha, obwereza paokha. Makolo amene sanapite patali ndi sukulu amamva bwino kwambiri mukamawerenga anthu kusiyana ndi mukamatchula magawo, ndipo mafunso awo amasintha. A gulupu omwe aja, atamva kuti ojomba ambiri a mu Febuluwale ndi a tsidya lina, sanafunsenso za aphunzitsi. Anaitanitsa anyamata a m'midzi yawo n'kuika mitengo ya bulugamu pa malo owolokera. Mlathowo unakokoloka chaka chachiwiri, anaumanganso.

Kwa kholo limene likusankhira mwana sukulu yotere, kapena likufuna kudziwa ngati sukulu ya m'dera lake ikugwira ntchito, mafunso ndi omwewo. Mukauzidwa peresenti, funsani kuti analemba anali angati, ndipo anayamba fomu 1 anali angati. Funsani za zaka zitatu, osati chimodzi. Funsani kuti Chingerezi anagwa ndi angati, ndiponso ngati pali ana a fomu 4 amene analembetsa mayeso m'dzina lina osati la sukuluyo. Mphunzitsi wamkulu amene amasunga bwino kaundula amayankha mafunso amenewa msanga, ndipo nthawi zambiri amakondwa kuti wina wafunsa. Ndipo mwana wanu akauzidwa kuti abwereze, pitani nokha mukakambirane, mukanene poyera ngati ndalama za chaka chowonjezeracho zilipo kapena palibe.

Mayi wa ana awiri uja anagwa Chingerezi ulendo woyamba, analembanso chaka chotsatira, ndipo anapeza satifiketi yake; tsiku limene anabwera kudzaona zotsatira anali ndi khanda lija likuyenda lokha, likukoka chitenje chake. Mnyamata wa kabaza analekera fomu 3 atagula njinga yamoto pa ngongole. Mdzukulu wa agogo aja ndinamufufuza, ndinapeza kuti anakwatiwa kumudzi wina wakutali, ndipo uthenga umene tinatumiza wakuti malo ku open alipo sunayankhidwe.

Nditalandira kalata yondisamutsa, ndinapereka bukulo kwa mphunzitsi wachinyamata amene anali atangofika kumene kuchokera ku koleji. Tinakhala madzulo onse mu ofesi ndikumuonetsa tanthauzo la danga lililonse, ndipo iye analoza mizere ingapo imene danga lake lomaliza linali lopanda kanthu n'kufunsa kuti, "Nanga awa, akulu?" Ndinamuuza kuti amenewo ndi ana a matenanti ndi ena a tsidya lina amene sindinapeze wondiuza kumene anapita, ndipo ndinamulangiza kuti akafuna kufunsa apite Loweruka madzulo, anthu atabwera ku dimba, atatsagana ndi mayi mmodzi wa mother group, chifukwa mphunzitsi akafika yekha pakhomo anthu amaganiza kuti wabwera kudzalonjerera ngongole ya fizi.